Achimwene Obwereka

Bodza lake linali laling'ono, loti munthu n'kulipinda n'kuliika m'thumba la shati. Linabadwa tsiku loyamba la ulendo, pa kauntala ya kanyumba kena kogona alendo, pamene mlembi wa pamenepo anayang'ana Telala, n'kuyang'ana Tsabola, kenaka n'kutsitsa maso pa zala zawo zopanda mphete.

"Ndinu banja?"

"Awa ndi achimwene anga," anatero Tsabola, osaphethira n'komwe.

Telala anangogwedeza mutu. Akanatinso chiyani? Mlembi uja nkhope inamasuka, anawapatsa kiyi wa chipinda cha mabedi awiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo bodza lija linkakwera nawo basi iliyonse.

Sikuti linali bodza lochita kuoneka nyanga. Awiriwa anakulira nyumba zoyandikana, mpanda umodzi, mpopi umodzi. Amayi ake a Telala atamwalira iye akadali wa kabudula, amayi a Tsabola ndi amene ankamumeta, kumukalipira ndi kumuchapira yunifolomu. Ndiye Tsabola atanena kuti akufuna akaoneko dziko asanayambe ntchito yake ya unamwino, amayiwo anakana kwamtuwagalu, mpaka Telala atalonjeza kuti atseka kashopu kake kosokera n'kumuperekeza. Apo ndiye analola. Mwana wamkazi ali ndi mchimwene wake pambali, ndani angamuyankhule zopusa?

Zikwama zakumsana zonse ziwiri Telala anasoka yekha. Koma chimene chinkamulemera sichinali m'chikwama ayi. Anali atalumbira chamumtima kuti asanabwerere kwawo amuuza Tsabola kuti uchimwene watopa nawo, iye akufuna banja. Masiku ankapita, njira inkafupika, mawu ali chikhalire pakhosi.

* * *

Kumabwinja anafika m'mamawa, nkhungu isanachoke. Unali mzinda wa anthu akalekale, pamwamba pa phiri, oti ngakhale chinenero chawo palibe akuchikumbukira. Makoma amiyala ankatuluka mu nkhungu limodzilimodzi ngati ng'ombe zodzuka kutulo. Panali makomo oima okha opanda nyumba kuseri kwake, masitepe okwera n'kukathera m'malere, ndi chitsime chouma chimene mtengo unamera m'kati mwake. Mphepo ikamadutsa m'mazenera opanda magalasi aja inkalira motsitsa, ngati mayi wogoneka mwana.

Tsabola anatula chikwama n'kuvula nsapato. Dzina limeneli anamupatsa ali wamng'ono chifukwa cha pakamwa pake, koma m'mawa umenewo ankayankhula monong'ona ngati akuopa kudzutsa eni mudzi.

"Ino ndi nyumba yanga," anatero ataima pakati pa makoma ofika m'chiuno.

"Denga mulibetu," anatero Telala.

"Zili bwino, ndizigona ndikuona nyenyezi. Apa ndi pabalaza. Apa ndiika maluwa. Uko ndi kuchipinda, zenera lake loyang'ana kotulukira dzuwa. Ukuuona mwala uwo? Ndi pokhala bambo a m'nyumba muno akaweruka kuntchito."

"Bambo ake ati?"

"Sindinawapeze. Mwina ali m'njira. Mwina anafika kale, kungoti ndi osayankhula."

Mtima wa Telala unagunda ngati makina osokera. Apa ndiye panali pake. Nkhungu inali itawatsekera awiriwiri, alendo ena onse mawu awo akumvekera kutali ngati a m'maloto. Mame anali atagwera pa tsitsi la Tsabola, tating'onoting'ono, tikunyezimira. Telala anatsegula pakamwa. Koma chimene chinatuluka n'chakuti:

"Nanga ine ndizigona pati?"

Tsabola anamuyang'ana nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Inu achimwene? Achimwene sagona kwa mlongo wawo. Muzibwera Lamlungu, muzidya, muzipita."

Anadikira. Telala anaseka, kuseka kwa munthu woponda minga pagulu. Tsabola anakhala pa mwala uja, anavala nsapato, n'kumanga zingwe zake ngati akuzilanga.

"Tiyeni, achimwene. Basi itisiya."

* * *

Tauni yotsatira inali ya m'chigwa, yomangidwa ndi atsamunda masiku awo. Nyumba zake zinali zachikasu, za makonde aatali, utoto ukusupuka ngati njoka yofundula. Wotchi ya pansanja inaima kalekale, ndipo anthu a m'tauniyo ankaoneka kuti anagwirizana nayo. Masana misewu inkagona tulo. Zinkangoyenda ndi nkhunda basi, ndi fungo la buledi lochokera kuseri kwa positi ofesi yakale.

Anapeza malo m'nyumba ina yosanja, ya masitepe amatabwa olira. Mwini wake anali mayi wojintcha, magalasi ali pamphuno, makiyi a zipinda zonse akulira m'chiuno mwawo poyenda. Alendo onse ankangowatchula kuti Mayi Makiyi. Anawapatsa chipinda cha m'mwamba, ndipo Telala, monga ankachitira kulikonse, anamanga chingwe pakati pa mabedi awiri aja n'kupachikapo nsalu.

Tsabola sanachedwe kuona kuti mayiwo akutsimphina. Anawakhazika pansi, anaika phazi lawo lotupa pa ntchafu pake n'kuyamba kulisisita, uku akuwakalipira.

"Mchere, Mayi. Mumadya mchere ngati mbuzi. Phazi ili likukudandaulirani koma simukumva."

"Kamwana aka pakamwa!" anaseka Mayi Makiyi. "Amako anakudyetsa chiyani?"

Nthawi yomweyo foni ya Tsabola inalira. Anali amayi ake, ndipo poti manja anali ndi mafuta, anawapatsa Mayi Makiyi kuti awapatse moni. Moni uja anasanduka macheza. Azimayi awiri osaonanapo anakambirana za miyendo, za mvula, za ana amasiku ano, mpaka kupatsana manambala. Telala ali pamasitepe anamva mawu a amayi a Tsabola akutuluka mufoni monyadira:

"Mnyamatayo? Ndi mwana wanga ameneyo. Ndinamulera ndi manja angawa."

Bodza lija tsopano linali ndi mboni.

Loweruka kunabwera galimoto yoyera. Anatsika mwana wa Mayi Makiyi, manijala wa hotela ina ya kugombe. Anali wamtali, woseka msanga, wa mawu ofatsa. Telala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, monga telala ayang'anira nsalu kufuna pong'ambika, koma sanapezepo. Munthu wake anavula jekete n'kuyamba kuwatungira amake madzi. Atacheuka n'kuona Tsabola akuyanika zovala pakhonde la m'mwamba, ndowa inadzaza mpaka kusefukira iye ali chiyang'anire.

* * *

M'mawa mwake Mayi Makiyi anaitanira Telala pakhonde. Patebulo panali makapu amaluwa, aja otuluka m'kabati pa nkhani zikuluzikulu zokha.

"Khala apa, mwana wanga. Ine sinditha kuzungulira. Mwana wanga uja wakhala akundikanira atsikana mpaka ndinatopa. Ndinafika pomuuza Mulungu kuti basi, zidzukulu ndidzazionera kumwamba. Koma dzulo waona mlongo wako. Lero wandithirira mchere mu tiyi, ine wodwala miyendo."

Telala anagwira kapu ndi manja awiri.

"Ndamva kuti bambo anu anatisiya kale. Ndiye mwamuna wa pakhomo ndiwe. Ife sitikufuna kulowera pazenera. Tati tiyambire kwa iwe. Kodi mtsikanayu alipo amene anamulonjeza?"

Tiyi anamutentha lilime. Mawu ochepa chabe akanathetsa nkhani yonse: si mlongo wanga. Anali pa nsonga ya lilime penipeni. Koma Telala anaona m'maganizo mwake mayiwo akutsitsa magalasi, akukweza maso ku chipinda cha m'mwamba chija, chipinda chimodzi, kiyi mmodzi. Dzina limene likanada pamenepo silinali lake. Linali la Tsabola.

"Palibe amene anamulonjeza," anatero, mawu akuchita kukwawa. "Ndimufunsa mwini wake."

Chitseko cha pabalaza chinatseguka msanga kwambiri, kusonyeza kuti munthu anali ataima kuseri kwake. Manijala anatuluka nkhope ikuwala, anagwira dzanja la Telala ndi manja onse awiri n'kuligwedeza.

"Zikomo, alamu! Simunong'oneza bondo, alamu!"

Nkhani za m'mabasi ndi m'madepoti ndi zambiri, koma sikunamvekepo za munthu amene mawu aulemu anamubaya ngati mmene mawu amenewa anamubayira Telala.

* * *

Anapeza Tsabola atagona kuseri kwa nsalu ija. Dzuwa linkalowera m'mipata ya zenera lamatabwa, moti Telala ankangoona chithunzithunzi chake pansalupo, phazi limodzi likugwedera.

"Ndamva makapu amaluwa akulira pakhonde," anatero Tsabola. "Wamwalira ndani?"

"Palibe. Nkhani yake ndi iweyo."

"Ndaswa chiyani?"

"Mwana wawo akukufuna. Banja."

Phazi lija linaima. Chithunzithunzi chinadzuka n'kukhala tsonga.

"Ndiye iwe wati chiyani?"

"Ndati ndikufunsa."

"Wati undifunsa."

"Nanga ndikanati chiyani, Tsabola?"

"Ayi, wayankha bwino. Achimwene aulemu wawo. Ndiye funsatu."

"Tamvera kaye..."

"Funsa! Anthu akudikira pansipa."

Telala anakhala pabedi pake. Nsalu inali pafupi moti akanatha kuikhudza ndi mphuno.

"Ukumufuna?"

"Iwe ukuona bwanji? Si ndiwe mwamuna wa pakhomo?"

"Ndi munthu wabwino," anatero Telala. Zinali zoona, ndipo matenda a Telala anali omwewo: sankatha kumunamizira munthu, ngakhale munthu womulanda mpweya.

Pamsewu panadutsa ngolo, belu la njinga linalira, nkhunda zinauluka n'kuteranso pomwepo.

"Kawauze kuti sindinavomere, sindinakane," anatero Tsabola pomaliza, mawu ake ali owuma. "Akuti mawa akubwerera kugombe? Tikwera nawo. Ine ndikhala kutsogolo."

* * *

Telala anayenda ulendo wonse ali kumbuyo, zikwama ziwiri zitamupana uku ndi uku, akumvetsera Tsabola akuseka nthabwala zoti tsiku lina akanazinyoza. Galimoto inatsika mapiri, inadutsa minda, kenaka mpweya unasintha n'kuyamba kununkhira mchere. Atakhota pa kona ina, nyanja inangoti mbee kutsogolo kwawo, yopanda tsidya, yosadziwika pomwe yathera ndi pomwe thambo layambira. Tsabola anasiya kuseka. Mosadziwa anacheukira kumbuyo kuti aone ngati Telala waiona. Maso awo atakumana anakumbukira kuti wakwiya, n'kutembenukanso.

Hotela yake inali ya tinyumba toyera tomwazikana pansi pa mitengo ya kokonati. Manijala anapatsa aliyense kanyumba kake, ka Tsabola koyang'ana kumadzi, ka Telala cha kumapeto. Munali bedi lalikulu, mapilo ofewa ngati mitambo, koma Telala munamukulira. Anali atazolowera kumva munthu akupuma kuseri kwa nsalu.

Kutacha, foni yake inalira. Unali uthenga wa Manijala.

"Alamu, mwadzuka? Ndithandizeni. Mlongo wanu amakonda chipatso chanji?"

Telala anayang'ana foni ija. Analemba kuti mapapaya, chipatso chimene Tsabola akangochinunkhiza amachoka patebulo. Chala chinaima m'malere. Anamuona Tsabola m'maganizo atakhala kutsogolo kwa mbale yoti sadya, akumwetulira mwaulemu, m'mimba muli pululu. Anafufuta.

"Malalanje. Koma muwasende, muchotse timaulusi toyera tonse. Akaona kamodzi kokha sadya."

"Nanga tiyi?"

"Wopanda mkaka. Mumusiye azizire kaye, amapsa lilime msanga koma savomera."

Tsiku linalo unabweranso wina.

"Alamu, mawa ndikufuna ndikamuyendetse pa boti. Amakonda madzi?"

"Adzakuuzani kuti saopa. Amaopa. Mukaona nthabwala zachuluka, dziwani kuti mantha amugwira. Musamufunse, amakwiya. Mungomupatsa chingwe chilichonse agwire, munene kuti akuthandizeni."

"Alamu, inu ndinu mngelo."

Mngeloyo anaponya foni pabedi n'kutuluka. Masiku amenewo ankangoyenda m'mbali mwa madzi, thalauza atapinda. Ankaona patali anthu awiri atakhala pansi pa ambulera wamkulu, wina akusenda lalanje mosamala ngati akuchotsa bandeji. Mafunde ankabwera, n'kufufuta mapazi ake, n'kubwerera. Nthawi zina ankadziona ngati iye ndi mmodzi wa anthu a kumabwinja aja: makoma alipo, koma mwini wake anachoka.

* * *

Boti linali laling'ono, la buluu, la injini yolira ngati ikutsokomola. Pafupi ndi gombe madzi anali oyera moti Tsabola ankaona mchenga pansi ndi tinsomba tamizeremizere tikuthawa mthunzi wawo. Koma atapita patsogolo madzi anada, boti linayamba kukwera ndi kutsika, ndipo pakamwa pa Tsabola panatseguka.

"A Manijala, boti lanuli linabatizidwa? Ngati silinabatizidwe, lero ndi lero. Nsomba za kuno zimadya anamwino? Muziuze kuti ndine wowawa, zisataye nthawi."

Manijala anamwetulira. Anawerama, anatola chingwe chimene chinali pansi n'kumupatsa.

"Tandigwirirani ichi, mundithandize."

Tsabola anachigwira ndi mphamvu, ndipo mtima unayamba kukhazikika. Kenaka anachitsatira ndi maso. Chingwe chija sichinamangidwe paliponse. Nsonga yake inali itangogona m'timadzi ta pansi pa boti. Pa dziko lonse lapansi panali munthu mmodzi yekha amene ankamupusitsa mwa njira imeneyi, kuyambira ali ana, tsiku limene anawoloka mtsinje wodzaza pochokera kusukulu.

"Wakuphunzitsani ndani zimenezi?"

Manijala anaseka, anakweza dzanja ngati mwana wogwidwa.

"Ndabera mayeso, ndikuvomera. Alamu anga ndi amene amandinong'oneza."

"Malalanje aja?"

"Iwowo."

"Tiyi wozizira?"

"Iwowo. Ine ndili ndi mlongo wanganso, koma mutandifunsa chimene amaopa, ndinganame. Mchimwene wotere sindinamuonepo. Ndikawafunsa kamodzi amayankha ngati akhala akudikira funsolo moyo wawo wonse."

Tsabola anayang'ana kugombe. Tinyumba toyera tinali tating'ono ngati mano, ndipo cha kumapeto kwa mchenga kunali kadontho kakuyenda kokha.

"Ndipo nkhani yabwino ndi iyi," anapitiriza Manijala. "Amayi anga anaimbira amayi anu dzulo. Akuti akondwa kwambiri. Angotsala kumva mawu a achimwene anu basi."

"Tembenuzani boti."

"Mwachita mantha?"

"Eya," anatero Tsabola. "Koma si madzi."

* * *

Nyanja inali itaphwera, itabwerera kutali n'kusiya mchenga wonyowa wowala ngati galasi, moti mitambo inkayenda pansi ndi kumwamba komwe. Tsabola anayenda pakati pa mitambo imeneyo nsapato zili m'manja, mpaka anamupeza Telala atakhala mu mthunzi wa boti lakale logadabuzika.

"Iwe telala wopanda nzeru," anayamba asanafike n'komwe. "Ukusokera mnzako suti ya ukwati ndi nsalu yako yomwe?"

Telala anadzuka, mchenga uli m'thalauza.

"Timaulusi ta malalanje. Tiyi. Chingwe! Ngakhale chingwe wamuuza! Watsala pang'ono kumuuza kuti ndimayankhula kutulo."

"Zimenezo sanandifunse."

"Usandiseketse, ndakwiya. Bwanji sunamunamize? Ukanangoti mapapaya, nkhani ikanathera pomwepo."

"Ndinalemba. Ndinafufuta."

"Chifukwa?"

"Ukanakhala ndi njala mpaka masana."

Tsabola anaponya nsapato pansi n'kukhala mu mthunzi muja. Telala anakhala pambali pake, atasiya mpata woti n'kudutsa nsalu.

"Tsiku lija pa kauntala ndinachita manyazi," anatero Tsabola akujambula mizere pamchenga. "Bambo uja anandiyang'ana ngati ndine katundu wakuba, ndiye pakamwa panathamanga. Koma titalowa m'chipinda ndinkadikira kuti ukalipe. Ndinkati unena kuti, iwe, ine si mchimwene wako, usadzabwerezenso. Iwe unangotulutsa chingwe n'kuyamba kumanga. Tauni iliyonse ndimakuitana achimwene mokweza kuti mwina zikupweteka. Iwe n'kumavomera kuti wawa. Ndinafika poti basi, munthuyu udindowu akuukonda."

"Umandipweteka tsiku lililonse."

"Ndiye unali wosayankhula chifukwa chiyani?"

"Ndinkaopa. Ndikanena, iwe n'kukana, ndiye kuti ndataya mkazi, ndataya mlongo, ndataya ndi pakhomo pomwe. Wina akakanidwa amapita kwawo kukalira. Ine kwathu ndi kwanu."

Mbalame zoyera zinatera patali, zikuyenda pa zithunzi zawo zomwe. Telala anapuma mozama.

"Ine si mchimwene wako."

"Sindinamve. Mafunde."

"Mafunde ali kutali, Tsabola."

"Ndiye makutu anga alowa madzi. Bwereza."

"Ine si mchimwene wako. Ndikukufuna. Ndi pakamwa pako pomwepo, ndi mantha ako omwe, ndi kuiwala kwako mabotolo m'mabasi. Ndikufuna ndizikusendera ndekha malalanje mpaka manja adzayambe kunjenjemera."

Tsabola sanamuyang'ane. Anasendera pang'ono, pang'ononso, mpaka mpata uja unatha, n'kutsamira mutu paphewa pake.

"Wachedwa," anatero.

"Kwambiri?"

"Pang'ono."

Anakhala choncho. Dzuwa linaima pamalo amodzi, mphepo inagona, ndipo dziko lonse linangotsala mthunzi wa boti ndi anthu awiri. Telala ankamva fungo la mchere m'tsitsi la Tsabola. Ankaopa ngakhale kumeza malovu, kuti angadzuke.

Foni inalira m'thumba mwake. Ataitulutsa, onse awiri anaona dzina: Amayi.

"Usayankhe," ananong'ona Tsabola.

"Sindinawakanirepo foni chibadwire."

Anayankha. Mawu a amayi a Tsabola anatuluka akuvina.

"Mwana wanga! Mwandibisira nkhani yabwino, ana oipa inu! Mayi aja andiimbira, tacheza mpaka foni kutentha. Koma ine ndawauza kuti sindiyankha kanthu ndisanamve kwa mwana wanga wamwamuna. Iwe ndiye maso anga kumeneko. Tandiuza, ndi munthu?"

"Ndi munthu wabwino, Amayi."

"Samwa? Sanyoza amake?"

"Ayi. Amawatungira ndi madzi omwe."

"Ambuye alemekezeke! Ndiye ndiwauze abwere tidzaonane?"

Zala za Tsabola zinalowa m'dzanja la Telala n'kufinya.

"Ayi, Amayi. Musawauze."

"Iii, chalakwika n'chiyani?"

"Kwa iyeyo palibe cholakwika. Kungoti Tsabola ndikumufuna ndine."

Amayi anaseka kaye, kuseka kwakufupi kodikira kuti nthabwala ithe. Nthabwala sinathe. Telala anamva wailesi ya kukhitchini ikuzimitsidwa, mpando ukukokedwa.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Kalekale, Amayi."

"Musananyamuke?"

"Inde."

"Ndiye unabwera m'nyumba mwanga, n'kukhala pampando wanga, n'kundiyang'ana m'maso kuti mundilole ndimuperekeze, uli nazo kale mumtima." Mawu awo sanakwere. Anatsika, ndipo kutsikako kunaopsa kuposa kukalipa. "Mayi aja amandiuza kuti ana anu ndi okondana, amagona chipinda chimodzi ngati mapasa. Ine n'kumanyadira. Ine chitsiru n'kumati ndinalera bwino."

"Amayi, palibe chimene chinachitika. Pakati pathu pamakhala..."

"Usanditchule amayi. Mupatse foni mwana wanga."

Telala anaipereka ngati ikutentha. Tsabola anaimirira n'kuyenda pang'ono. Ankangomveka kuti, "Inde... ayi... Amayi, tamverani... si choncho..." Kenaka anatsitsa foni, anaiyang'ana, n'kubwerera mu mthunzi muja.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndikwere basi ya mawa m'mawa. Ndekha. Akandidikira kudepoti." Anamubwezera Telala foni ija. "Akuti ndikapanda kutsika m'basi imeneyo, ndiye kuti aika m'manda ana awiri tsiku limodzi."

Telala anayang'ana kunyanja. Madzi anali atayamba kubwerera, mwakachetechete, akudya galasi lija pang'onopang'ono.

"Ukwere," anatero.

"Ukundithamangitsa? Wangondipeza kumene."

"Ataya kale mmodzi lero. Asataye awiri. Ine ndibwera pambuyo, ndikagogoda."

"Sakakutsegulira."

"Ndikudziwa. Ndikagogodanso."

"Ndipo ukudziwa kuti ndikangofika ndekha, mayi aja ndi mwana wawo akhala ali pakhomo sabata isanathe? Amayi akawalandira ndi manja awiri, kungofuna kutseka pakamwa pa anthu."

Funde loyamba linafika, lozizira, n'kuwanyowetsa mapazi onse awiri. Tsabola sanasunthe, ndipo dzanja lake sanalichotse.

"Ndiye ukwera?" anafunsa Telala.

"Iwe zinakutengera zaka kuti unene mawu ako," anatero Tsabola. "Ine ndipatse mpaka mawa."